Kamodzi Ndiye Kuti Tili Bwino

Lamulo loletsa ana kukhala ndi mafoni pasukulu ndinalipanga nawo ineyo, sindingakane. Tinakumana aphunzitsi a sukulu zonse za sekondale za m'dera lathu, aliyense atasenza dandaulo lake. Uku mtsikana anajambulidwa akusamba ndipo chithunzi chinayenda midzi itatu, uku anyamata anapusitsidwa ndi mayankho abodza a mayeso, kwina mwana anatukwana ahedi ake pa masamba a mchezo. Anthu ankalankhula mozungulira. Wina akuti tiwaphunzitse anawa kugwiritsa ntchito bwino mafoni, wina akuti tiyambe tafunsa makolo. Ine zozungulira sindizitha. Ndinaimirira n'kunena kuti foni ikapezeka ndi mwana ilandidwe, idzaperekedwe kwa kholo tsiku lotsekera sukulu, nkhani yathera pomwepo. Anthu anawomba m'manja, ndipo pobwerera ahedi athu anandiuza kuti popeza pakamwa pakuthwa ndi panga, ntchitoyonso ndi yanga.

Ndinali kale woyang'anira atsikana ogonera pasukulu. Anandipatsa thiranki yachitsulo ndi loko wamkulu, ndipo foni iliyonse yolandidwa ndinkaimata kapepala ka dzina ndi kalasi ndisanaiponye m'menemo. Ana ananditcha Rodibuloko. Dzinalo linandifika m'makutu koma sindinadandaule nalo, chifukwa linali loona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinapezapo foni m'paketi ya shuga, m'kati mwa buledi woboola, m'sokosi yokolekedwa kudenga la bafa, ngakhale m'chikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi. Mwini wake wa foni ya m'buku la nyimboyo anali woyambitsa nyimbo mu kwaya, ndipo analira ngati ndamulanda mpweya.

Makolo akafuna mwana ankayimba pa foni yanga. Nambala yanga inkalembedwa pa lipoti la mwana aliyense, ndiye Lamlungu masana sindinkapuma. Uyu akufuna kudziwa ngati sopo wafika, uyu akuti mumuuze kuti mbuzi yabereka, wina wangoledzera wakumbuka kuti ali ndi mwana. Tinalinso ndi gulu la makolo la pafoni lotumizirana mauthenga, ndipo woliyendetsa ndinali ine ndemwe.

Panali mayi amodzi okha omwe sanayimbepo. Iwo ankangoflasha, kuliza foni n'kudula msanga mwini wake asanayankhe, kuti mayunitsi asapite. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo ankalima kabichi ndi kachewere m'dimba, kumudzi wa kuseri kwa Kasina, n'kumagulitsa kwa mavenda opita nazo pa Chimbiya. Tsiku lomwe anabwera kudzasiya mwana wawo mu Fomu 1, anagwada pakhomo pa ofesi yanga ngakhale ndinawapatsa mpando.

"Madamu, ine zoyimbazi sindingathe," anatero. "Ndikaflasha kamodzi, ndiye kuti tili bwino, mumuuze mwanayu. Ndikaflasha kawiri motsatizana, pamenepo ndiye mundiyimbire."

Kumudzi kwawoko netiweki inkagwira pachulu china cha kumtunda kwa dimba. Lamlungu lililonse akaweruka ku Misa ankakwera pachulupo, ndipo foni yanga inkalira kamodzi n'kuduka. Zaka zinayi zinatha osaflashapo kawiri. Ine ndikakumana ndi mwana wawoyo pampope kapena pamzere wa chakudya, ndinkangoti, "Aflasha." Iye ankati, "Zikomo, Madamu," n'kupitiriza zomwe amachita. Anali mtsikana wofatsa, wosatsogola m'kalasi koma wosatsalira, ndipo m'thiranki yanga simunalowepo foni yake. Nthawi zina ndinkamuseka kuti amayi ake ndi kholo lokhalo lomwe limadziwa kulankhula mwachidule.

Atafika Fomu 4, mayiwo anabwera tsiku loona ana ndi kathumba ka kachewere, n'kundiuza kuti m'nyengo ya mayeso aziflasha m'mawa uliwonse womwe mwana ali ndi pepala. Anachitadi zimenezo. Mayeso kuno amagwa m'nyengo yozizira, pomwe nkhungu imatsika kuchokera kuphiri n'kukhala pabwalo mpaka cha m'ma teni, ana akulowa m'chipinda cholembera zala zitauma. Ndinkaganiza za mayi aja akukwera chulu m'mame otero kuti alize foni kamodzi, ndipo ndinkaonetsetsa kuti uthengawo wafika mwana asanalowe.

Lolemba la sabata yomaliza ya mayeso, mtsikanayo anali atatsala ndi mapepala atatu, la Lachiwiri, la Lachitatu ndi la Lachisanu. Ndinali m'chipinda cha aphunzitsi ndikumwa tiyi pamene foni inalira n'kuduka. Ndisanaiike pansi inaliranso n'kuduka. Ndinatuluka panja n'kuyimba, ndipo anayankha munthu wamwamuna.

"Madamu, ndine mlongo wawo wa mayi a mwana uja, amalume ake. Kuno zinthu sizili bwino. Atisiya m'mawa uno."

Anati chinali chibayo, ndipo anagona nacho kuyambira Lachinayi. Ine ndinakana ngati kuti kukana kwanga kungathandize. Ndinati sizingatheke, dzulo lomweli aflasha kamodzi monga mwa nthawi zonse.

"Eya, anandituma ine pachulupo," anatero amalumewo. "Anati ndiflashe kamodzi kokha, mwana asasokonezeke."

Masana omwewo amalumewo anafika pasukulu pa njinga yamoto ya kabaza, n'kulowa mu ofesi ya ahedi kudzera kuseri. Anakhala chipewa chili pabondo. Anati akubanja agwirizana kuti mwambo woika maliro ukhale Lachitatu, chifukwa thupi sakanatha kulisunga, ndipo mwana asauzidwe kanthu mpaka atalemba pepala lomaliza Lachisanu.

"Mphuno imodzi silowa zala ziwiri," anatero. "Sangalire maliro uku akulemba mayeso. Ndipo akawaphonya mayesowa, woti amubwezerenso pasukulu chaka china palibe. Malemuwo ananena okha zimenezi asanatseke maso."

Ndinafunsa kuti nanga mwanayo akadzafunsa chifukwa chomwe sitinamuuze, tidzati chiyani.

"Adzafunsa ine, Madamu. Inu mungotseka pakamwa pa anthu."

Ahedi anandiyang'ana ine. Pakamwa pa anthu masiku ano pali m'mafoni, ndipo za mafoni zinali zanga. Kubisira mwana maliro mpaka amalize mayeso si zachilendo, makolo athu ankachita. Koma kale uthenga unkabwera ndi miyendo, ndipo unkangofunika kuuchingamira pachipata n'kuukhazika pansi. Uwu wa masiku ano ulibe chipata, ndiye ndinali ndi masiku anayi oti ndiutchinge ponseponse.

Ndinayambira ku gulu la makolo. Ndinapeza mayi wina wa kutchalitchi ataika kale chithunzi cha malemuwo, kandulo ali pambali. Ndinachifufuta, kenako n'kutseka gululo kuti wolemba ndikhale ine ndekha. Pasanathe ola foni inayamba kulira. Bambo wina anandikalipira kuti maliro n'kulirana, ndine ndani ine woletsa anthu kupepesa. Ndinamufotokozera, ndipo anangoti, "Oho, pepani Madamu," n'kudula. Ndinafotokozera anthu ambiri chonchi, mmodzimmodzi, mpaka khutu linatentha.

Ahedi anauza aphunzitsi kuti wina asaike chithunzi kapena mawu achipepeso pa foni yake. Chipinda cha makompyuta tinachikhoma, n'kuuza ana kuti mabatire a sola afa. Kenako ndinapita kukhitchini. Ndinkadziwa kalekale kuti ophika ndi alonda amabwereketsa atsikana mafoni kuseri kwa mulu wa nkhuni, kungoti ndinali ndisanawagwire. Tsiku limenelo sindinawaopseze. Ndinawauza zoona, ndipo amayi ena ophika anatulutsa okha foni m'lamba wa chitenje n'kundipatsa kuti ndiwasungire mpaka Lachisanu, akuti sakudzikhulupirira.

Ana oyendera ochokera mbali ya kumudzi kwa malemuwo ndinawasonkhanitsa pansi pa mitengo ya paini kuseri kwa bwalo la mpira. Ndinayamba ndi kuopseza, ndinamaliza ndi kuchonderera. Atsikana ogonera ali m'makalasi kuwerenga, ndinalowa m'zipinda zawo ndi aphunzitsi awiri n'kugudubuza chilichonse. Tinapeza mafoni anayi. Imodzi inali ya mtsikana wa Fomu 3 wa parishi imodzi ndi malemuwo. Nditamuitana anabwera maso ali psuu, ndipo ndinadziwa kuti waona kale.

"Wauza ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe, Madamu. Ndikungomuthawa. Akandiyang'ana ndilira."

Aka kanali koyamba kuti ndigwire mwana ndi foni osamukalipira. Ndinamutengera kunyumba kwanga kuti akakhale kumeneko mpaka Lachisanu, ndipo anzake tinawauza kuti wadwala malungo.

Lachiwiri m'mawa kunali nkhungu yoti munthu sungaone chipata uli pakhonde la ofesi. Mtsikana uja ndinamupeza pamzere wolowera m'chipinda cha mayeso, zolembera zili m'kapulasitiki koonekera, manja atawapisa m'juzi. Mawu oti ndimuuze anali amodzi okha ndipo ndinali nditawazolowera.

"Aflasha," ndinatero.

"Zikomo, Madamu."

Analowa n'kulemba. Madzulo ake ndinathamangira kukatchalitchi ka pasukulu, chifukwa ndinakumbuka kuti mphunzitsi wotsogolera mapemphero amawerenga maina a omwalira kuchokera pa foni yake, momwe atumizira a m'miphakati. Ndinamupeza pakhomo foni ili kale m'manja. Tsiku limenelo tinapempherera mizimu ya omwalira onse osatchula dzina la munthu.

Lachitatu ndinadzuka mtima ukuwawa. Aphunzitsi awiri ananyamuka m'mamawa kudzera njira ya kumunda kukaimira sukulu kumaliro, ine n'kutsala. Nditamuona mtsikanayo pamzere, juzi yake yaifupi m'mikono, ndinaganiza kuti nthawi yomweyo kwawo anthu akukumba manda, amayi a bungwe la kutchalitchi akuyimba, iye ali pano akuwerenga manotsi pa kapepala. Mawu amodzi aja anandichepera. Ndinaona ngati ndikumumana, ndipo ndinafuna kumupatsa kanthu kokulirapo. Apa ndi pomwe ndinathira mchere wopitirira muyeso.

"Amayi ako ayimba," ndinatero. "Akuti ulembe bwino, usaope chilichonse, akukupempherera."

Anakweza maso n'kundiyang'ana kanthawi.

"Ayimba, Madamu?"

"Eya, ayimba."

"Zikomo, Madamu."

Anapinda kapepala kake n'kulowa. Ndinene zoona, ndinachoka pamenepo ndikudziyamikira. Ndinati ndamulimbitsa mtima mwana wamasiye pa tsiku loipitsitsa, iye osadziwa. Masana woyang'anira mayeso anandiuza kuti ana onse alemba bwinobwino, palibe wadwala kapena kutuluka msanga.

Lachinayi analibe pepala, ndipo ndi tsiku lomwe ndinkaliopa kwambiri chifukwa ana amayendayenda. Ndinamulondalonda ndi maso tsiku lonse. Anachapa zovala zake zonse, ndi bulangete lomwe, kunja kulibe dzuwa. Anakhala yekha kuseri kwa laibulale ndi buku la pepala lomaliza. Chakudya chamasana anangotapa pang'ono n'kupatsa mnzake. Ine ndinati ndi mantha a mayeso, ndipo zochapazo ndinati ndi kukonzekera kupita kwawo monga ankachitira anzake onse.

Lachisanu m'mawa ndinabwerera ku mawu anga akale. Ndinati, "Aflasha," iye anati, "Zikomo, Madamu," osandiyang'ana. Pepalalo linali la maola awiri, ndipo ine maola awiriwo ndinawathera pakhonde la ofesi ndikuyang'ana chitseko. Amalume ake anafika belu lisanalire n'kukhala pa benchi. Chitseko chitatsegulidwa ana anatuluka akukuwa, ena akuponya zolembera m'mwamba. Ndinapuma mpweya waukulu. Masiku anayi ndinali nditatchinga foni iliyonse ya pasukulupo, ndipo palibe imodzi yomwe inandipulumuka.

Ndinatuma mtsikana wina kuti akamuitane, uku ndikukonza pakamwa mawu omwe timanena nthawi zotere, akuti amayi ako sakupeza bwino, amalume ako abwera kudzakutenga. Anachedwa pang'ono. Atatulukira, sanachokere kuchipinda cha mayeso koma kogona. Anali atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu, mpango kumutu, chikwama chili m'manja chomangamanga. Anagwada patsogolo pa amalume ake n'kuwapatsa moni, kenako anatembenukira kwa ine.

Ndinayamba kuti, "Amayi ako sakupeza..."

"Ndikudziwa, Madamu," anatero. "Musavutike."

Chinthu choyamba chomwe chinandibwerera m'mutu, ndipo ndimachita nacho manyazi mpaka lero, chinali mkwiyo. Ndinafuna kudziwa foni yomwe inandizemba.

"Wakuuza ndani? Foni ya ndani?"

"Palibe foni, Madamu. Mwandiuza ndinu, Lachitatu. Amayi anga sanayimbepo foni chiyambire. Amangoflasha."

Amalume ake anaweramitsa mutu. Ine ndinasowa poyang'ana. Ndinamufunsa chifukwa chomwe sanandifunse tsiku lomwelo.

"Ndinaopa kuti ndikakufunsani mundiuza. Mukanandiuza sindikanalemba."

Kenako anafunsa amalume ake kuti mwambo uli liti. Iwo anayankha motsitsa mawu kuti anaika kale Lachitatu.

"Tsiku lomwe anayimba lija," anatero, osati mofunsa.

Pamenepo ndi pomwe analira. Analira atagwada pomwepo pakhonde, chikwama chili pambali, ndipo ana omwe ankakuwa aja anakhala chete mmodzimmodzi. Amayi ophika aja anatuluka kukhitchini akupukuta manja n'kudzamugwira. Ndinamuperekeza mpaka kumudzi tsiku lomwelo. Tinatsika pamsewu n'kuyenda wapansi kudutsa m'madimba, ndipo amalume ake anandilozera chulu chija. Chinali chulu wamba, chokhala ndi kanjira kopondedwa kokwera pamwamba.

Sabata yotsatira tinatsekera sukulu. Ndinatsegula thiranki n'kubweza mafoni kwa makolo monga mwa lamulo, aliyense ndi kaulaliki kake. Pa msonkhano wina wa sukulu za m'dera lathu, ahedi athu anafotokoza nkhaniyi ngati umboni woti lamulo lathu likugwira ntchito, kuti mwana anamaliza mayeso uthenga osamufika. Anthu anawomba m'manja ngati tsiku loyamba lija. Sindinawatsutse, komanso sindinawombe nawo. Lamulolo lidakalipo, ndipo mafoni ndimalandabe. Chomwe sindidziwa mpaka pano n'chakuti tinamuchitira zabwino kapena ayi pomulanda maliro a amayi ake. Amalume ake amati tinachita bwino. Mwini wake sindinamufunsepo, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi ndi chomwe iye anapereka kwa ine.

Nambala ya malemuwo sindinaifufute. Patapita miyezi iwiri, Lamlungu lina nditangofika kuchokera ku Misa, foni inalira kamodzi n'kuduka. Nditayang'ana, ndinaona nambala ya malemuwo. Kenako nzeru zinabwerera, ndinadziwa kuti foniyo yatsala m'manja mwa mwana, ndipo wakwera pachulu paja. Kamodzi ndiye kuti tili bwino, ndipo pangano linali lakuti sindiyimba. Ndinaika foniyo patebulo n'kuyamba kuvula nsapato.

Ndili pakati povula ndinakumbuka kuti nambala yomweyi inaliranso kamodzi Lamlungu lija, mwini wake ali gone ndi chibayo, kutatsala tsiku limodzi. Ndinaitenga foniyo n'kuyimba.

"Madamu," anayankha, mphepo ya pachulu ikumveka kumbuyo kwake, "ndaflasha kamodzitu."

"Ndaona," ndinatero. "Uli bwanji?"

Ndinkangomva mphepo ndi kupuma kwake, ndipo sindinadule.